Mabuku Asanu a Rozina

Lachiwiri lapitali ndinachita zimene mayi wa msinkhu wanga sayenera kuchita. Ndinamutsutsa mwana wa mchimwene wanga pamaso pa namwino, mokweza mawu.

Mwanayo ndi Rozina, anakwatiwa kwa Mbenje zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Masabata atatu apitawo anapita padera, magazi osalekeratu, ndiye Lachiwirilo ndinamuperekeza kuchipatala. Titalowa m'chipinda, anatulutsa buku la kuchipatala latsopano, lopanda ngakhale chidindo chimodzi.

Namwino anafunsa, "Mayi, mimba kuchoka chonchi, aka n'kachingati?"

"N'koyamba," anatero Rozina, maso ali pansi.

Ine ndinalowererapo. "Iwe Rozina! Koyamba? Aka n'kachisanu! Ziwiri zija ndinakusambitsa ndine!"

Namwino anaika cholembera pansi. "Nanga mabuku enawo ali kuti?"

"Ali kunyumba," anayankha Rozina. "Apongozi amati mimba yatsopano siyenda ndi buku la tsoka. Ndiye ikachoka, ndimagula lina. Amatinso zotayika siziwerengedwa."

Abale anga, mwamva? Mabuku asanu, lililonse likunena kuti mayiyu akuyamba kumene.

Mwambowo ndimaudziwa, ndinakuliramo. Kwathu kuno mimba ikachoka sitilira maliro. Amayi achikulire amakataya mwakachetechete, abambo sapitako, ndipo nkhaniyo sitchulidwanso. Cholinga chake n'chabwino ndithu, kuti mayi asamangokhalira kukumbuka. Koma ine sindinkadziwa kuti chinsinsicho timalowa nacho mpaka kwa dokotala.

Namwino uja sanakalipe. Anangoti, "Amayi, munthu akapita padera kamodzi timamuthandiza, n'kumuuza akapume. Zikabwereza kawiri, katatu, timayamba kufufuza chifukwa chake. Koma tifufuza bwanji ngati chaka chilichonse akubwera ngati mlendo?"

Tsiku lomwelo anamutumiza ku sikani, makina ounikira m'mimba aja. Sizinatenge nthawi. Dokotala anatilozera pa kanema n'kunena kuti chiberekero cha Rozina chikuoneka kuti chili ndi kakhoma ka mnofu pakati, kamene anabadwa nako. Mimba ikakhazikika pa kakhomako sipeza magazi okwanira, ndiye imachoka. Anati akaunikidwenso ku Blantyre kuti atsimikize, ndipo ngati zilidi choncho, pali opaleshoni imene amayi ena amathandizika nayo. Sanalonjeze mwana, koma anatipatsa kalata.

Anabadwa nako! Mawu amenewa ndi amene anandimaliza.

Zaka zonsezi Rozina wamwa mizu yowawa ya mitundumitundu. Msana wake wadzaza mphini. Anamunena kuti amayenda ndi amuna ena ali woyembekezera. Anamunena kuti anathira mchere m'ndiwo pa nthawi yoletsedwa. Mpaka mayi ake omubereka ananenedwa kuti anamumanga. Palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine wolemba munyuzi ndi magalasi angawa, amene anafunsa kuti, kodi m'mimbamo anayamba aunikamo?

Ndipo nkhani sinathere pa manyazi okha. Loweruka likudzali akuchimuna aitanitsa msonkhano. Akufuna Marita, mng'ono wake wa Rozina amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, alowe m'nyumbamo kuti awaberekere. Marita akakana, Rozina azipita kwawo. Banja litha, kapena sukulu ya mtsikana itha, chifukwa cha kamnofu kamene makina anakaona madzi a tiyi asanawire.

Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma Rozina sanasankhe yekha manyaziwo. Tinamuphunzitsa ndife, amayi, azakhali, apongozi, tikuganiza kuti tikumuteteza.

Sindikunena kuti mayi aliyense wopita padera ali ndi kakhoma. Dokotala anati zifukwa n'zambiri, zina zimakhala kwa mwamuna, zina sizipezeka n'komwe. Koma ndi angati kwa Malemia, kwa Lundu, amene abisa mabuku akale pansi pa mphasa n'kumakauza namwino kuti n'koyamba? Kutonthoza mayi kunyumba n'kwabwino. Kwa dokotala, chonde, werengani zonse, ngakhale ziwawe bwanji.

Loweruka ndikupita ku msonkhanowo. Ndikayala mabuku asanuwo pa mphasa, kalata ya ku Blantyre pamwamba pake, ndione amene akatchule dzina la Marita.

Za msonkhano sindikuopa. Chikundivuta n'chimene Rozina anandifunsa tili mu minibasi pobwerera. Titatsala pang'ono kutsika, anandigwira mkono.

"Azakhali, ndikanamapita ndi buku loyamba lija, bwenzi mwana wa mimba yachitatu ija pano akuyenda?"

Inu mukanamuyankha chiyani?