Ndinabwera ndi Makina Ogwedeza Thupi ku Matandani

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene tinagonja kwa atsikana a ku Luwani. Kugonja sikunali kwachilendo ku timu yathu ya mpira wamanja ya ku Matandani, koma tsiku limenelo mpira womaliza unali m'manja mwanga, ine womwetsa zigoli, ndili pafupi penipeni ndi golo. Manja anayamba kunjenjemera, mtima uli thi thi thi mpaka m'makutu. Mpira unagunda chitsulo n'kubwerera. Pa lole yobwerera kwathu palibe amene anandiyankhula. Ndinali kale ndi mwana wakhanda, bambo wake atalowera kosadziwika, chimanga chitatha m'nkhokwe Khirisimasi isanafike. Mpira ndiwo unkandichititsa kudziona ngati munthu, ndiye nawonso unandikana.

"Amayi, ine ndikupita kumene akupita anzanga," ndinatero titafika.

Amayi sanadabwe. "Mwanayu umusiye kuno. Koma ukakafika usakaiwale kuti munda umafuna feteleza."

Ku Joni ndinkagona m'kachipinda kamodzi ndi azimayi ena a ku Malawi, aliyense ndi chikwama chake kumutu. Ndinachapira anthu, ndinalera ana a eni, kenako ndinapeza ntchito yokolopa pamalo ena ophunzitsira akatswiri amasewera. Mapepala ndinalibe, choncho galimoto ya apolisi ikangotulukira ndinkakhotera m'kanjira kena. Mauthenga a kumudzi ankabwera pa foni pafupifupi sabata iliyonse: feteleza, fizi ya mng'ono wanga Tiyanjane, mankhwala a amayi, malata. Ndinkatumiza, nthawi zina ine n'kumagonera tiyi ndi buledi. Chimene chinkandiwawa kwambiri si njala. Tsiku lina amayi anapatsa mwana wanga foni kuti andilonjere, iye n'kunena kuti, "Muli bwanji anti?" Ndinaseka kuti asamve, koma nditadula foni ndinakhala pansi m'bafa la eni ake n'kulira.

Pamalo a masewera paja panali makina ena ooneka ngati sikelo ya mavenda ogula chimanga. Munthu amaimapo atapinda mawondo pang'ono, akayatsa thupi lonse limanjenjemera, masaya omwe. Aphunzitsi a pamenepo ankati kugwedezako kumadzutsa minofu ya m'miyendo kuti wosewera asamadzandire akadumpha kapena akakankhidwa. M'mawa, masewera enieni asanayambe, osewerawo ankatuluka pabwalo kukachita tayichi ndi mayi wina wachikulire wa ku China, dzina lake Mayi Wong. Ankasuntha manja ndi miyendo pang'onopang'ono ngati anthu owoloka mtsinje wodzaza, akupuma mozama. Ine ndinkaseka chamumtima. Ndinkati anthu okhuta sasowa chochita.

Tsiku lina apolisi anagwira anthu pamalo okwerera minibasi, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anatengedwa ine ndikuona. Ndinafika pantchito mantha atandigwira moti ndowa inandipulumuka, madzi mbwee pakhonde ponse. Mayi Wong anabwera pamene ndinali. Anandigwira pamkono, n'kundiimika kumbuyo kwa osewera aja.

"Mapazi onse pansi," anatero m'Chingerezi chake chodukaduka. "Tulutsa mpweya kaye. Wina ubwera wokha."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkalawirira kuti ndiime nawo kumbuyoko ndisanagwire chokolopera. Pamakina paja ankandilolanso kuimapo anthu akachepa. Patapita miyezi, atsikana a mpira wamanja a pamenepo anasowa munthu poyeserera, n'kundiitana. Mpira utafika m'manja mwanga ndinamva mantha akale aja akubwera, ndinatulutsa mpweya, mapazi ali nji pansi, n'kuponya. Unalowa. Sindinasangalale ayi, ndinapsa mtima. Zaka zonsezi ndinkadziona ngati wamantha wobadwa nawo, chonsecho ndi chinthu choti munthu angathe kuphunzitsidwa. Ku Matandani mankhwala a mantha anali kukalipiridwa basi.

Pamene amayi anayamba kudwaladwala, inenso nditatopa ndi moyo wothawathawa, ndinaganiza zobwerera. Nthawi yomweyo pantchito ankasintha makina, ndipo abwana anandipatsa amodzi akale. Anzanga pobwerera amanyamula filiji ndi wailesi yakanema. Ine ndinakangana ndi kondakitala, ndinakangananso pachipata cha Mwanza, chifukwa cha chitsulo cholemera chimene palibe ankadziwa dzina lake. Mumtima ndinkati mtsikana wina wa kwathu sadzanjenjemeranso pansi pa golo ngati ine.

Malume anga ndi amene anayamba kumasula katoni. Anazungulira makinawo, kuwagogoda ndi chala.

"Kodi imagaya chimanga imeneyi?"

"Ayi malume, imagwedeza thupi."

"Kugwedeza thupi? Iwe, wakwera matola kuchokera ku Mwanza mpaka kuno, sunagwedezeke mokwanira?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Inenso ndinaseka, poganiza kuti akaona ntchito yake asiya.

Kwathu kulibe magetsi, choncho ndinakapempha malo kwa mnyamata wometa tsitsi pamsika. Tsiku loyamba magetsi anazima tisanayambe. Tsiku lachiwiri anayaka, koma atangoimapo mtsikana woyamba wa m'timu, anyamata a kabaza ndi ena ongokhala anadzaza pakhomo ndi pawindo, kuimba malikhweru, ena kujambula ndi mafoni thupi la mwana wa eni likunjenjemera. Mtsikanayo anatsika akulira. Ndinawakalipira mpaka mawu anandithera, iwo n'kumangoti, "Asiyeni a ku Joni awa." Palibe mtsikana anavomeranso kuimapo, ndipo sindingawadzudzule.

Ndinatsala ndi tayichi, poti iyo sifuna magetsi. Timu tsopano ankaiyang'anira aphunzitsi a Mbewe, ochokera ku Kasungu, amene anatumizidwa pasukulu yathu ine ndili kunja. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anati, "Mayi, atsikanawa amatsika phiri pamatope ndowa ili pamutu, osataya ngakhale dontho. Inu mukufuna muwaphunzitse kuima?"

"Aphunzitsi, ndowa ilibe anthu okuwa m'mbali mwa bwalo. Inu simunaone mmene amatayira mpira masewera akafika pothina?"

Anandipatsa nthawi pang'ono m'mawa Lamlungu. Poyamba atsikana anabwera ambiri. Koma ndikati tulutsani mpweya, wina ankafunsa kuti nsapato ngati zangazi ku Joni n'zotchipa eti, wina kuti ntchito ya m'nyumba imapezeka bwanji. Kenako azimayi ena odutsa potunga madzi anationa titatambasula manja kuyang'ana kummawa, tili chete. Sabata isanathe nkhani inali ponseponse kuti ine, mwana wa a Nachisale, ndabwera ndi chipembedzo choitana mizimu. Mkulu wa mpingo anabwera kunyumba kudzacheza ndi amayi, ine anangondipatsa moni wa m'mphuno. Ndinafotokoza kuti ndi masewera olimbitsa thupi, palibe pemphero lililonse, koma makolo anayamba kuletsa ana awo mmodzimmodzi.

Anatsala Tiyanjane yekha. Ndinamusiya ali kamtsikana ka pulayimale, ndinamupeza ali wamtali kundiposa, atalemba mayeso a Fomu 4, ndipo ndi amene ankamwetsa zigoli m'timu. Ankadzuka nane m'mamawa, tinkachitira kuseri kwa nyumba pafupi ndi nthochi. Sankaseka, sankafunsa za nsapato. Ankaima mwendo umodzi nthawi yaitali osagwedera, ndipo ndinkati ngakhale onse akane, uyu yekha akwanira.

Pamasewera ndi timu ya ku Matope, kunja kukutentha, zigoli zinali zofanana mpaka kumapeto. Mpira unafika kwa Tiyanjane, anthu akukuwa, womutchinga atatambasula manja kumaso kwake. Ndinamuona akutsitsa mapewa, kutulutsa mpweya, n'kuponya mosapupuluma. Unalowa. Ndinathamangira m'bwalo chitenje chikukwekwereka. A Mbewe anandigwira chanza.

Pobwerera, titatsika lole n'kumayenda awiri, Tiyanjane anati, "Achemwali, mwaona kuti ndakula eti?"

"Ndaona. Lero wandichotsa manyazi."

"Ndiye mundipatse nambala ya adalaivala amene anakuwolotsani popita ku Joni. Ndikufuna ndinyamuke tikakolola."

Ndinaima pamsewu. Ndinamuuza zonse zimene sindinkanena pa foni: za kachipinda kaja, za mnzanga amene anatengedwa, za kugona ndi njala kuti iye apite kusukulu. Ndinamuuza kuti pali matimu a ku Blantyre amene angamuone akapitiriza chonchi.

"Adzandiona liti, achemwali? Kuno amabwera ndani? Ine ndimadzuka nanu m'mawa muja kuti muone kuti ndine wolimba mtima, musadzandikanize."

Ndinafika kunyumba nditafuka ndi mkwiyo. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba.

"Amayi, mwamva zimene akunena mwana wanuyu? Muletseni!"

Sanadzutse mutu. "Ndamva kalekale. Mbuzi ziwiri zija ndagulitsa n'za ulendo wakewo."

"Osandiuza ine?"

"Ukanavomera?" Anaika lichero pansi n'kundiyang'ana. "Mwana wanga, kubwera wabwera, ndipo ndathokoza Mulungu kuti wabwera wamoyo. Koma chibwerere iwe, foni yolandirira ndalama ija yangoti zii. Chaka chino tadzala opanda feteleza. Malata ali pamwambawa sanachokere ku mpira. Iwe wakhala pansi, ndiye wina aimirire."

Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti kwathu kuli malo anga ondidikira, kuti tsiku lobwerera ndidzatseka dzenje limene ndinasiya. Sindinadziwe kuti dzenje lenileni ndinalikumba pobwerera. Pakhomo pathu pamafunika munthu mmodzi wokhala kutali, ndipo ine ndinachoka pamzerewo osafunsa amene adzalowepo.

Nambala ndinamupatsa. Titakolola ndinamunyamulira chikwama mpaka pamsewu, ndinamusokera ndalama m'mphepete mwa siketi, ndinamuuza kuti pachipata asamayang'ane pansi. Matola itafika anakwera osatembenuka kawiri. Ndinabwerera ndekha kumunda kukatema mapesi, mwana wanga akunditsatira patali, asanazolowerebe kunditchula kuti amayi.