Kayaki ya Munthu wa ku Dedza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mzungu yemwe bambo ankamuphikira anathawa ufulu n'kulowera ku Joni. Anatisiyira galu wokalamba ndi kayaki, kabwato kowonda ka mipando iwiri. Galuyo anali wanzeru: anafa sabata yomweyo.

Ku Iminyela, komboni ya m'dziko la eni komwe tinkakhala, aliyense wochokera ku Nyasalande ankatengedwa ngati msodzi. Bambo anali a ku Dedza, kumapiri, ndipo madzi ambiri omwe anali atawaonapo anali a m'bafa la bwana wawo. Koma aneba athu, a Ncube, atanena kuti, "Hawu, Phiri, inu a kunyanja, tationetsani!" bambo anangotsokomola mwaulemu. Sanakane.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi tinapita kudamu lomwe kale tinkangolisuzumira pawaya. A Ncube ndi anzawo anakhala pamtunda ndi mowa wawo. Ife tinapalasa mpaka pakati, pomwe bambo anacheuka kuti awabayibitse. Kabwato kanatembenuzika.

Madzi a mu Julaye amaluma mafupa. Tinakadzutsa, bambo n'kugwira m'mbali kuti akwere. Kanagubuduzikanso. Kachiwiri. Kachitatu. Jekete yawo inali itamwa madzi, nsapato zikadali kuphazi.

"Yohane, pita kumbuyo kwenikweniko," anatero ali wefuwefu. "Gona chamimba, ukwawe ngati buluzi. Usadzutse mutu."

Iwo anagwira kutsogolo kuti kasagwedezeke. Ndinakwawa, mwendo uku mwendo uku, mpaka matako anagwera pampando.

"Ababa, bwerani nanunso!"

Anayesa. Kabwato kanapendekeka, madzi n'kuyamba kukhuthukira pomwe ndinakhalapo. Anayang'ana madziwo, n'kundiyang'ana ine.

"Ugwiritse, mwanawe," anatero. Kenako anachotsa manja awo.

Pamaliro a bambo, a Ncube ankafunsa aliyense kuti munthu wa kunyanja amamira bwanji.

Ndinafika mpaka kukoleji, komwe ndinakhalako chaka ndi theka, kenako ine ndi aphunzitsi tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Za m'mabuku zinauluka zonse. Za padamu zija ndiye sizichoka: bwato likakutaya, salikwerera m'mbali.

Kwa zaka zambiri ndinkawakwiyira bambo kuti anafera manyazi. Lero ndikuona kuti manyaziwo anangowafikitsa pakati pa damu, zotsalazo anachita akudziwa. Munthu wa kumapiri uja analiphunzira bwato m'mphindi zisanu, n'kuona kuti zomwe waphunzirazo zikwanira munthu mmodzi.

Masiku ano wina akandifunsa ngati kwathu n'kunyanja, sinditsokomola. Ndimayankha asanamalize n'komwe: "Ayi, ife ndi a ku Dedza."