Ndinapha Alandilodi ndi Masamba a Mango

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku limene alandilodi athu, Abambo Gwaza, anafika pamaliro awo omwe atakwera kabaza, thumba la mbatata lili pamiyendo. Ine ndinali pamwamba pa mpanda, ndikuseka mpaka nthiti kuwawa. Koma nditaona nkhope ya amayi anga pakati pa azimayi olira aja, ndinadziwa kuti Area 23 yandichepera.

Anayamba ndi alandilodiwo. Anandikoka khutu pamaso pa atsikana a Fomu 3 anzanga chifukwa cha mango a mumtengo wawo. Atapita kumudzi kukaona munda, komwe foni sigwira, ine ndinalawirira m'mamawa, n'kuthyola nthambi za mango omwewo, n'kuziyala pamsewu uku ndi uku kwa geti lawo. Basi. Bodza sindinanene. Kwathu masamba akagona pamsewu amalankhula okha: minibasi imachepetsa liwiro, wanjinga amatsika, wawailesi amazimitsa. Mayi wina wa tomato atandifunsa kuti watisiya ndani, ndinangoyang'ana geti lija n'kupukusa mutu. Pofika masana azimayi a kumpingo anali atayamba nyimbo. Akazi awo a Gwaza atamva ali kumsika anakomoka, anthu n'kuwatsitsimutsa ndi madzi otsukira usipa. Mpaka lero ndikakumbuka fungo lija ndimagwa nako kuseka.

Alandilodi sanaseke. Analoza amayi ndi chala, anthu onse akuona. "Inu ndi kamfiti kanuko, ndisakuoneninso pakhomo panga!"

Amayi analowa m'nyumba imeneyo ine ndisanabadwe. Pakhonde pake ndi pomwe amakazingira mandasi, ndipo ogula awo onse ndi a msewu womwewo. Kuchoka pamenepo kunali kukayamba njala. Ndiye anavala chitenje chatsopano n'kupita kwa Che Saidi, telala wa ku Mangochi amene amasoka pakhonde la golosale. Iwo ndi Msilamu, koma milandu ya Akhristu onse a m'dera lathu imathera pa makina awo. Che Saidi salankhula ndi munthu wokwiya. Amayamba kwa mlamu wake, kenako kwa amene amamuphikira, ndipo akamafika kwa mwini mkwiyo amapeza wafewa kale ngati nyemba zogonera m'madzi. Ine sindinadikire kuti ndimve mathero. Msuweni wanga anandilumikiza ndi transipota wotengera anthu ku Joni, ndinanyamuka zokambirana zili mkati.

Za Joni anthu amakuuzani nsapato ndi mafoni. Sakuuzani kuzizira. Ndinkatsuka magalimoto, zala zikuchita dzanzi, n'kumagona m'kachisakasa ka malata ndi anyamata amene sankadziwa kuti kwathu ndinali munthu wotchuka. Nditathira mchere m'shuga wa mmodzi wa iwo, sanaseke, anandimenya mpaka dzino kugwedera. Kupolisi sukanapita, tonse tinalibe mapepala. Nkhani inakambidwa Lamlungu masana ndi madala achimalawi atakhala pa makireti, wina kundiyankhulira ine, wina kuyankhulira wondimenya, ife eni ake tili chete ngati mbuzi zapamsika. Mzinda wa nyumba zosanjikizana mpaka kumitambo, koma chotisunga amoyo chinali njira ya Che Saidi yomwe ija.

Ndalama ndinkatumiza. Sizinali zambiri, koma ndinkadya buledi wouma kuti zipite. Zikafika, amayi ankalandira. Mawu ayi. Ndinkatumiza zithunzi nditatsamira galimoto la eni ake, foni n'kuonetsa kuti aona, koma yankho osabwera. Masiku ena ndinkadzinenera nthabwala ndekha pansi pa bulangeti n'kudziyankha ndekha. Nditatopa ndinaimbira Che Saidi.

"Amayi ako ali bwino, nyumba ili bwino," anatero, makina akulira kumbuyo. "Za iwe tidzakamba ukadzabwera. Udzandiuze tsiku."

Apolisi atayamba kusesa opanda mapepala, ndinakwera basi ndisanagwidwe, ndipo tsiku ndinawauzadi Che Saidi. Nditatsika minibasi, nsapato zoyera kuphazi, ndinaona nthambi za mango zitayalidwa pamsewu, uku ndi uku kwa khonde lathu. Ndinataya chikwama n'kuthamanga ndikukuwa, "Amayi! Amayi!"

Ndinawapeza akutembenuza mandasi. Sanadzutse mutu. Ana a pamsewu anandizungulira osandiyang'ana. Mayi wa tomato uja anadutsa n'kupukusa mutu ndendende mmene ndinachitira ine.

Che Saidi anandikodola ndi sizasi. "Khala apa, malemu. Ine ndine mkhalapakati, ndimaloledwa kucheza ndi akufa omwe." Anandiuza mmene mlandu unathera. Abambo Gwaza anavomera kuti amayi akhalebe, koma ine amene ndinaika munthu wamoyo m'manda ndilawe manda anga. Palibe wondipatsa moni, palibe wonditchula dzina, ngakhale amayi, mpaka amene ndinamupha uja atandiukitsa. Amayi akangondilankhula, katundu panja.

"Amayi anavomera zimenezo?" ndinafunsa.

"Anavomera asanamalize n'komwe kumva."

Zinandibaya, sindikana. Koma kenako ndinaganiza bwino. Munthu wakufa salipira minibasi. Munthu wakufa akatola chipisi pachiwaya, wogulitsa amukalipira bwanji osamulankhula? Ndinakhala mzukwa wonenepa kwambiri m'Lilongwe yense. Ndinkakhala pafupi ndi Abambo Gwaza akusewera bawo, n'kumawafunsa za kumanda kuti kunali bwanji, iwo mitsempha ikutupa pakhosi, osayankha.

Kunyumba kokha ndi komwe masewera sankakoma. Amayi ankalankhula ndi khoma. "Ndikanakhala ndi mwana, ndikanamuuza kuti m'poto muli nyemba." Tsiku lina anauza khoma lomwelo kuti, "Ndikanakhala ndi mwana, ndikanamuuza kuti alandilodi atopa ndi mzukwa. Mwezi ukatha tikagona kudepoti."

Njira inali imodzi: tambala woyera wachipepeso, ndi mawondo pansi, anthu akuona. Tambala woyera wonenepa m'dera lonse anali mmodzi yekha, ndipo ankagona m'khola la Abambo Gwaza. Ankamukonda kuposa ana awo. Iwo atapita kukameta, ine ndinamuitana ndi madeya.

Kwathu nkhuku yodyera pagulu amazinga ndi Msilamu kuti aliyense adye, ndiye ndinapita naye kwa Che Saidi. Anamuyang'ana tambala, anandiyang'ana ine. Ndinadikira mbama. Iwo anangotulutsa mpeni.

"Mayi," anauza amayi anga, "sosolani msanga. Nthenga mukakwirire kutali, mutu muphike pawokha."

Madzulo ake ndinagwada pabwalo, nsapato za ku Joni zili m'fumbi. Che Saidi anandiyankhulira mawu okoma amene ine sindinawaganizepo chibadwire. Mlamu wa alandilodi anayankhira mbali inayo. Abambo Gwaza anatenga ntchafu, kuluma, mafuta akutsikira kuchigongono.

"Iyi ndiye nkhuku," anatero. "Yoweta munthu wodziwa. Dzuka, Yamikani, wauka. Amayi ako akhale."

Ana anachotsa masamba pamsewu, azimayi n'kululutira. M'mawa mwake alandilodi anazungulira msewu wonse akuitana tambala wawo, chikho cha chimanga chili m'manja. Anaima pa makina a Che Saidi nthawi yaitali. Ndikhulupirira anadziwa. Koma munthu amene wanyambita zala pamaso pa anthu n'kukhululuka sangabwerere kukanena kuti anadya chuma chake chomwe. Che Saidi anangowauza kuti agalu achuluka masiku ano, n'kupitiriza kusoka.

Ndinapita ku Joni ndikudziyesa katswiri wa zachinyengo. Ndabwera ndapeza kuti ndine wa sitandade wani. Akatswiri enieni ndi madala ovala zikofiya ndi majekete akutha, amene amatha kupha mwana wamoyo, kudyetsa munthu tambala wake, aliyense n'kupita kwawo akuti mtendere wabwera. Kusukulu ankatiphunzitsa za mayiko okhala pa tebulo kukambirana. Akabwere ku 23 adzaone mmene zimachitikira pa benchi la telala. Ine ndayamba kale kukhala pambali pa makina aja, ndikuphunzira ntchito.

Amayi anandilankhula tsiku la chipepeso lomwelo, koyamba chichokereni. Anandipatsa mutu wa tambala uja m'mbale, osamwetulira.

"Idya. Koma udziwe, tsiku limene udzafe zenizeni, ine sindidzalira. Ndinalira kale, khoma ili ndi mboni."

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Mutuwo unali wokoma kwabasi.