Matenti a Bashi Kalobwe

Bashi Kalobwe anabwerera kwawo kwa akazi awo, m'mbali mwa nyanja ya Bangweulu, ali ndi matenti asanu ndi imodzi, msana wopindika, ndi Chizungu chokwana kulonjera basi. Mphamvu zawo zonse anazithera ku Luangwa, kukhomera azungu matenti m'tchire ndi kuwatenthetsera madzi osamba. Kampaniyo itagwa, anzawo anatenga njinga, ena malata. Iwo anasankha matenti.

Akazi awowo, Bana Kalobwe, ataona mitolo ikutsika m'lole anaombera m'manja, kuyesa ndi zitenje. Atamasula mtolo umodzi anangokhala pansi.

"Bashi Kalobwe, zaka zonsezi mumagwirira nsanza?"

"Izi ndi nyumba, mayi. Mzungu amasiya nyumba ya njerwa kwawo, n'kulipira kuti agone m'menemu."

"Ndiye mzungu akazungulira mutu, inunso muzungulire?"

Malo anakapempha kwa Ba Chisenga, malume a akazi awo, msodzi wokalamba yemwe mano anatsala awiri koma kuseka osaleka. Mkuluyo sanavute. "Tenga, mkamwini," anatero. "Mchenga sitidya. Chinangwa chomwe chinakana pamenepo."

Tinene zoona, munthuyu anagwira ntchito. Anaumba chimbudzi chokhalira, cha simenti, chitseko chake chokhala ndi loko. Anamanga bafa la mabango, pamwamba n'kuikapo mgolo wopaka utoto wakuda kuti dzuwa lizitenthetsa madzi, ndi chitini chobowolabowola kuti madziwo azitsika ngati mvula. Anamanga pootchera nyama pa njerwa. Pakati anakonza pokolezera moto, n'kuzunguliza zitsa zokhalira. Pomwe padzakhale tenti iliyonse anasalaza ndi manja, ati mlendo akagonera kamwala sabwereranso. Kumsewu anakhoma chikwangwani chojambulidwa tenti ndi nsomba, ngakhale nsombayo inkafanana ndi mbatata.

Tsiku lotsegulira anakhoma matenti onse kuti odutsa aone. Anakoleza moto pakati kuti ayese komwe utsi ukulowera, ndipo poti anali atatopa, anakhala pa chitsa ndi alamu awo awiri, onse duu, iwo atagwira kuchibwano.

Tsono taganizani amayi akuchokera kumunda. Akuona matenti pakhomo, moto panja masana, amuna atakhala chete mozungulira, mwini nyumba atagwira kuchibwano. Kuno zimenezo sizifuna kufunsa. Anatula madengu, kumanga zitenje m'chiuno, kulira kuyambira kumsewu. Poti mkazi wa pakhomopo sankaoneka, anadziwiratu womwalira. Anamulira Bana Kalobwe momutchula dzina, kumuyamika kuti anali wopatsa, ngakhale ena mwa olirawo anali asanalankhulane naye chaka chathunthu chifukwa cha nkhuku. Mwini maliro atatulukira kuchokera kunyanja, ndowa pamutu, mayi wina anathawa n'kusiya patapata.

Ba Mwenya, mchimwene wa Bana Kalobwe, anaseka mpaka kugwa pa chitsa. "Mulamu, mwatsegula bwino! Alendo oyamba afika ndi kwaya yomwe."

Bashi Kalobwe anasekako nawo. Sanadziwe kuti tsiku limenelo mudzi wonse waona komwe kuli matenti.

Mwezi usanathe kunagwa zovuta kwa aphunzitsi ena, ndipo anthu anafika chipewa m'manja. Angakane bwanji? Maliro n'kulirana, ndipo mkamwini wokana za maliro amadzikumbira yekha manda. Tenti inapita, inabwera ndi chiboo cha khala la moto. Yachiwiri inapita kwa a tchalitchi, inabwera yong'ambidwa ndi mpeni chifukwa gogo wina anafuna kukataya madzi, zipi n'kumukanika. Ina inakwera bwato kupita ku chilumba cha Chilubi, ndipo sinaonekenso. Akuti ena anaiona ikukoka bwato pakati pa nyanja, mphepo itaidzaza bwinobwino. Zikhomo zinkabwera zoperewera, koma mbuzi za m'mudzimo zinayamba kumangidwa pa zikhomo zachitsulo zonyezimira.

Nanga alendo enieni? Kunabwera azungu awiri a panjinga, owonda ngati bango, ali ndi katenti kawokawo ndi zakudya zawozawo. Anajambula nyanja, kujambula bafa, kudandaula udzudzu, n'kumapita. A m'tauni ya Samfya ankabwera masana Lamlungu, kusambira, kupempha kiyi wa chimbudzi. Ukawauza zogona ankakuyang'ana ngati wawatukwana.

"Ndigone m'tenti ndili wamoyo, tata? Kwathu wafa ndani?"

Mvula zinadutsa zingapo. Utoto wa chikwangwani unasuluka. Bana Kalobwe anasiya kunyoza, chomwe kwa mkazi ngati ameneyo n'choopsa kuposa kunyozako. Ankangodzuka, kupita kukaviika chinangwa, kubwera, kuika ubwali, nsima yakuno, ndi tinsomba ta chisense patsogolo pa amuna awo. Kalobwe, mwana wawo, anapita ku migodi, ndipo pafoni ankafunsa za amayi ake okha.

Anatsala ndi timatenti tiwiri ta zigamba, ndi imodzi yaikulu yobiriwira, ya zipinda ziwiri ndi khonde, mawindo ake a neti. Imeneyo sinaonepo maliro. Inkakhala pansi pa bedi itakulungidwa m'masaka, ndipo aliyense wofunsa ankauzidwa kuti inadyedwa ndi makoswe. Nthawi zina masana, akazi awo ali kumunda, ankaitulutsa, kuinunkhiza, kupaka zipi kandulo, n'kuibwezera.

Ndiye kunalira foni. Anali mayi wina wa ku Kitwe, Ba Nsofwa, mkulu wa anamwino. Ati anaona zithunzi za azungu a panjinga aja, ndipo iye ndi anzake a kuntchito akufuna kudzagona m'matenti pa holide ya ufulu, mu Okutobala. Ati atopa ndi makoma a chipatala. Zikawakomera adzauza a m'mawodi ena, ndi a ku Ndola omwe.

Bashi Kalobwe anafunsa kawiri. "Mwati mugone m'tenti, mayo? Mwa kufuna kwanu?"

"Ee, tata. Bafa lija likugwirabe?"

Anthu akuda, a dziko lomwe lino, ofuna kugona m'tenti popanda wakufa! Munthu uja anawongoka msana. Anapakanso laimu chimbudzi. Anatunga madzi yekha kudzaza mgolo, kukwera makwerero ndi ndowa mawondo akulira. Anagula makala, anapangana ndi asodzi za nsomba zaziwisi. Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, m'mawa kusanatenthe, anakoka tenti yobiriwira pansi pa bedi n'kuikhoma pamalo abwino kuposa onse, khomo loyang'ana kumadzi. Inaima ngati mkwatibwi. Ngakhale Bana Kalobwe anaima ndi mtsuko wawo kuiyang'ana kanthawi.

M'mawa womwewo Ba Chisenga anapezeka atatsamira bwato lawo, ukonde pamiyendo, singano m'manja, atapita.

Ba Mwenya anafika dzuwa litakwera. Tsiku limenelo sanabwere ndi nthabwala, komabe pakamwa pa munthu sipasintha. Anayang'ana tenti, kuizungulira, kugwira chingwe.

"Mulamu, makoswe akuno ndi aulemu. Akubwezerani yosoka kale."

Bashi Kalobwe anailambalala nkhaniyo. "Pepani ndi zovutazi, mulamu. Anali bambo anga nanenso."

"Eya. Ndiye tithandizane kuzula. Kunyumba kwa malume kulibe ngakhale mthunzi wa papaya, ndipo dzuwa mukuliona. A ku Lubwe ali m'njira, a kuzilumba akubwera ndi mabwato."

"Tengani tiwiri tating'onoto."

"Timene mumalowa mbuzi imodzi, mchira uli panja? Malume athu?"

"Mulamu, ndagwira mwendo. Alendo afika mawa. Angogona kawiri basi, akachoka ndidzanyamula ndekha pamutu."

"Ndiye tikawadzutse malume, tiwauze kuti afulumira, adzafe Lachiwiri?"

Bana Kalobwe anali atamanga kale mpango kumutu, maso ofiira. Sanakweze mawu. "Bashi Kalobwe, mchenga mwapondawo ndi wa ndani?"

Iwo ankadziwa. Ankadziwanso kuti tenti imeneyi ikapita idzabwera ikununkha utsi ndi nyemba, ngati idzabwere n'komwe, ndi kuti foni ngati ija silira kawiri. Anagwira mzati wa khonde ndi manja onse awiri, ngati mwana wokana kusamba.

"Zonse ndakupatsani. Iyi yokha ayi. Tentiyi sichoka pano."

Ba Mwenya anasiya chingwe chija. "Mwanena nokha, mulamu. Sichoka." Anatembenuka, mlongo wake pambuyo.

Bashi Kalobwe anakhala pa chitsa akuyesa apambana. Anayamba kuganiza za mbuzi yomwe adzapereke popepesa zonse zikatha.

Dzuwa litapendeka anamva nyimbo. Inkachokera kumudzi, ndipo inkayandikira. Patsogolo panali amuna atanyamula Ba Chisenga pamachira, pambuyo amayi ndi mphasa, miphika, mitolo ya nkhuni, kwaya ya tchalitchi, ana, ndi agalu omwe. Palibe anawakalipira, palibe anawayang'ana n'komwe. Thupi analigoneka m'chipinda cham'kati cha tenti yobiriwira, amayi achibale n'kudzaza chinacho ndi khonde lomwe. Tenti sinachoke. Ndipo mwini mchenga anagona pamchenga wake. Mlandu uli pati?

Chopweteka n'chakuti zonse zinayenda monga anazikonzera. Amuna anakhala pa zitsa mozungulira moto, utsi osavutitsa munthu. Pootchera nyama panakwana miphika ya nyemba ngati anachita kuyeza. Pachimbudzi panali mzere, loko atamuchotsa ndi mwala. Amayi a kuzilumba ankatuluka m'bafa akuitanana. "Bana Chola, bwerani muone! Mvula yotentha, ya munthu mmodzi!" Malo aja sanadzazepo chotero chiyambire.

Mawa lake masana minibasi ya ku Kitwe inakhota pa chikwangwani, nyimbo zikugunda, manja ali pamawindo. Inayenda pang'ono, nyimbo zinazima. Inaima patali. Bashi Kalobwe anaona atsikana ovala makabudula akufufuza m'zikwama, kutulutsa zitenje zomwe anati adzayale pamchenga, kuzimanga m'chiuno, magalasi adzuwa kubisa. Anayenda mowerama, kulowa pakhonde la tenti, kukhala pansi pakati pa anamfedwa. Ena analira ndithu, paja aliyense ali ndi wake womulira. Amuna awiri omwe anali nawo anakakhala pa zitsa. Kenaka anatsitsa nkhuku zawo, zakumwa ndi buledi, kupereka kwa amayi ophika.

Ba Nsofwa, mayi wonenepa wa nkhope yabwino, anawafunafuna mpaka kuwapeza kuseri kwa bafa. Anagwada pang'ono, kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, tata. Mukanatiimbira, sitikanabwera ndi phokoso."

"Mayo, malo alipo. Uko kumapeto, kuli timatenti tiwiri, n'tabwino ndithu, mphepo yake..." Mawu ankatuluka okha. "Mawa aika. Mawa lomweli kukhala zii. Nsomba ndapangana kale."

Mayiyo anawayang'ana mwachisoni, monga amayang'anira wodwala wonena kuti wachira. "Tata, ife tizisambira ndi kuotcha nyama apa, apo pali thupi? Tinaleredwa ndi anthu ifenso. Limbani mtima."

Minibasi inabwerera mwakachetechete, kukafuna zipinda m'tauni. Foni ya Bashi Kalobwe sinalirenso.

Ba Chisenga anaikidwa bwino, anthu mpaka lero amasimba. Tenti yobiriwira inatsala chiimire, koma zipi atathothola, pakhonde pali chiboo cha nyali, pansi mafuta okhaokha. Akuchikazi sanawalipitse mbuzi. Anangoti poti malowa ndi a banja, ndipo aoneka kuti ndi oyenera, zovuta za pabanja zizichitikira pomwepo. Banja la kuno mukulidziwa, silitha. Kenaka a mabanja ena anayamba kupempha, ndipo anapempha kwa Ba Mwenya, osati kwa mkamwini. Oyendetsa njinga zamoto tsopano amatcha malowa Chililo, ndiye kuti maliro, ndipo akafuna kulongosola njira amati, "Mukafika pa Chililo mukhotere kumanja." A m'tauni a Lamlungu aja anasamukira gombe lina, ati madzi apa akulemera.

Bashi Kalobwe amasesabe m'mawa uliwonse, poti manja anazolowera. Salankhula zambiri. Tsiku lina akusesa choncho panafika bambo wina panjinga, wovala jekete, wachilendo ndithu. Anatsika, kuvula chipewa, kuyang'ana bafa, kuyang'ana chimbudzi, kugwedeza mutu mokhutira.

"Tata, sabata yamawa malo ano alipo?"

Tsache linaima. Kena kake kanadumpha m'chifuwa cha munthu wamkulu, kopusa, kosamva.

"Alipo, mukwai. Alendo angati? Achokera kuti?"

"Ambiri, tata, ena a ku Mansa. Agogo athu asiya kumeza phala kuyambira dzana. Ndiye tati tiyambe takuuzani, ena angatitsogolere."

Bashi Kalobwe anayang'ana kumadzi. Bwato lina linkadutsa patali.

"Nkhuni mubwere nazo zanu," anatero, n'kupitiriza kusesa.