Ulimba pa Maliro a Tenanti

Ndinakwatiwa ndi munthu wa zoimbira zisanu ndi khasu limodzi, ndipo khasulo ndi limene linkachita dzimbiri. Bangwe, kaligo, sansi, gitala, ulimba, zonsezi zinkalankhula m'manja mwa amuna anga. Azungu anawakwezapo ndege kawiri kuti akaimbe kunja, koma anangobwerako ndi chipewa ndi chimfine. Zimenezo sindinawatame nazo. Chimene ndimawalemekezera mpaka lero chinachitika kwathu konkuno ku Wimbe.

Luso lawo lambiri analitola kwa matenanti a m'maesiteti, anthu amene ife eni mudzi tinkangowapatsa moni wapatali. Ulimba anauphunzira kwa bambo wina wa ku Nsanje. Zinkandikwiyitsa zedi: anzathu akusoka fodya m'zigafa, awo ali pansi pa mtengo kugogoda timatabwa ndi mlendo.

Bamboyo anamwalira mu Febuluwale, mvula ili mkati, fodya atakhwima m'munda. Galimoto yonyamula mtembo kupita kwawo panalibe, choncho anakumba manda kumapeto kwa esiteti. Mkazi wake anakhala pafupi ndi bokosi maso ali gwa, osagwetsa ndi msozi umodzi womwe. Kwathu kuno namfedwa wosalira amamukayikira. Amayi anayamba kunong'onezana kuti akudziwapo kanthu pa imfayo, ena mpaka kunena zomuthamangitsa maliro akatha. Mayiyo anali ndi ana anayi, ndipo fodya wake anali asanathyole. Nanenso, ndisaname, ndinamuyang'ana ndi diso loipa.

Kenako ndinamuyandikira. "Mayi, lirani pang'ono, anthu akukuonani."

"Ndilire bwanji?" anandiyankha. "Nyimbo zanuzi sizikundilowa. Zikukhala ngati maliro a munthu wina."

Ndinawaitanira pambali amuna anga n'kuwauza. Anangobwereka njinga n'kunyamuka. Atabwerera, ulimba uli pakaliyala, zikho zake zili gobedegobede, mkulu wa mpingo anawaimitsa.

"Achimwene, pano si pamowa. Pamaliro timaimba za m'buku."

"Mwaimba kuyambira m'mawa, abambo, ndipo mwaimba bwino," anatero amuna anga. "Koma mwini malirowa sanamvepo kanthu. Ndiloleni imodzi yokha."

Mkuluyo anapatuka monyinyirika. Ine manyazi anandigwira, ndinaphimba nkhope ndi chitenje.

Ulimba amaimba anthu awiri kapena atatu moyankhizana, koma amuna anga anakhala okha, malo a mphunzitsi wawo ali opanda munthu. Anaimba mbali yawo yokha, n'kumasiya mpata pamene malemuyo ankayankhira. Akanafuna akanadzaza okha mpatawo, manja ake analipo, koma anausiya dala. Ngakhale ife osadziwa nyimboyo tinamva kuti pakusowa munthu.

Atabwereza kachitatu, mayi uja anayankha yekha m'Chisena, mawu n'kudukira pakati. Anagwera pabokosi n'kulira kulira kumene sindinakumvepo chibadwire, ana ake n'kumutsatira. Amayi onong'ona aja ndiwo anayamba kuthamanga kukamugwira, ine ndili pakati pawo, misozi ili chuchuchu. Tsiku limenelo ndinanyadira mwamuna amene ndinakhala ndikumunena ulesi zaka zonsezo.

Zomuthamangitsa mayiyo palibe anazitchulanso. Lolemba lake tinalawirira kumunda kwake, amayi asanu ndi mmodzi, kukamuthyolera fodya.