Soseji Zinayi za Jeki

Fungo la soseji zowotcha pa siteshoni ya basi limandibwezera ku Chinyunyu, masiku amene dera lathu la Rufunsa linali litangokhala boma palokha. Magalimoto anachuluka pamsewu, ndipo amalume anga, ba Mofati, anayamba kuwotcha soseji pambaula n'kumagulitsa kwa apaulendo.

Ine ndinali ndi galu wanga Jeki, wofiira, wa khutu limodzi logwa. Ankandiperekeza kusukulu n'kundidikira pachipata mpaka titaweruka.

Tsiku lina masana amalume anandiitana. Anandipatsa soseji zinayi zonona, zonunkhira adyo ndi utsi.

"Ukampatse Jeki, nayenso adyeko zabwino. Koma iwe usalawe, wamva?"

Ndinasangalala. Ndinkaganiza kuti amalume, amene ankamugenda akayandikira mbaula, tsopano ayamba kumukonda. Ndinamudyetsa ndekha, iye akugwedeza mchira, akundinyambita zala.

Dzuwa lisanalowe Jeki anayamba kusanza. Anamwa madzi beseni lonse. M'mawa mwake anagona kuseri kwa nkhokwe akunjenjemera, ndipo sanadzukenso.

Ndikupita kukawauza, ndinawamva amalume akuuza akazi awo kuti: "Waona? Filiji ija inazima masiku atatu. Tikanapha makasitomala. Kataye soseji zonse."

Ndinalowa ndikulira. "Ba malume, munkadziwa?"

"Ndi galu chabe, mwanawe. Tikupezera wina."

Lero ndikudziwa kuti ngakhale soseji yosawonongeka imapweteka galu chifukwa cha mchere ndi adyo, koma chimene sindinawakhululukire amalume n'chakuti anasankha dzanja limene Jeki sakanalikana.