A Paulo ndi Mabuku Okulungira Mtedza

Pamsika wa pa boma la Mangochi, kuseri kwa ogulitsa nsomba zouma, panali wosoka nsapato wina amene ankadziwa mmene mabuku ambirimbiri a ku Mangalande amayambira, koma osadziwa mmene ngakhale limodzi lokha limathera. Dzina lawo linali a Paulo. Pamsikapo ankangoti Che Paulo.

A Paulo sanakule ndi singano m'manja. Kwawo kunali kuseri kwa malire, cha ku Mandimba, ndipo anali mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono, wophunzitsa m'Chipwitikizi. Nkhondo itafika m'mudzi mwawo sukulu inapsa, mapepala awo a uphunzitsi n'kupsera momwemo. Anathawa wapansi pamodzi ndi khamu la anthu, n'kutulukira ku Katuli m'chaka cha 1987. Kumsasa wa othawa nkhondo sukulu inalipo, koma malo a aphunzitsi anali atatengedwa kale ndi aja anakumbukira kuthawa ndi mapepala awo m'thumba. A Paulo anapirira mizere ya ufa ndi nandolo dzinja limodzi, kukhala chabe n'kuwakwana, basi anatsikira ku boma. Kumeneko mkulu wina anawaphunzitsa kusoka nsapato ndi kudula nkhwayira za matayala.

Ntchitoyo anaigwira bwino, ndipo sanali munthu wodandaula. Anapeza kachipinda kwa Mponda, utaka sunkasowa m'mbale, anthu ankawakonda. Chiyao ndi Chinyanja anayamwira, choncho panalibe wowaloza chala kuti ndi obwera. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkawadya mumtima: ankafuna kuimanso pamaso pa ana n'kuphunzitsa. Ana asukulu akamadutsa m'mawa, a Paulo ankawatsatira ndi maso mpaka kudzibaya chala ndi singano. Vuto linali lakuti kuno munthu asanapatsidwe kalasi, ngakhale ya masamu okha, amayamba amufunsa za Chingerezi. Cha a Paulo chinkathera pa moni.

Pafupi ndi benchi lawo pankakhala mayi wina wamasiye, Abiti Sadik, wogulitsa mtedza wokazinga. Anali mayi wolongolola, woseka ndi thupi lonse, wosalola munthu kudutsa asanamuuze chimene chalakwika ndi malaya ake. Mtedzawo ankakulunga m'mapepala, ndipo mapepalawo ankawapeza kwa mlonda wa nyumba ina yakale ya azungu, mmene munatsala mabokosi a mabuku amene chiswe chinali chitayamba kale kuwerenga. Pepala la zilembo za Chiarabu Abiti sakanakulungira kanthu ngakhale mutawagwadira. La Chingerezi ankati nalonso ligwireko ntchito.

Tsiku lina kutachepa makasitomala, a Paulo anatola limodzi la mabuku aja. Anali ndi kabuku komasulira mawu a Chingerezi m'Chipwitikizi, kamene wansembe wina anawapatsa kumsasa, ndipo anayamba kulimbana ndi mzere woyamba liwu ndi liwu. Unawatengera m'mawa wonse. Mzerewo unkanena za mayi amene anakana kutsegula chitseko tsiku limene mwamuna wake anabwerera kuchokera kunyanja, chifukwa anabwera atavala jasi la munthu wina. A Paulo anaika pansi nsapato imene inali pabondo.

"Abiti, bukuli mundibwereke."

"Nanga mtedza wanga ndizikulunga m'zikhatho zanuzo?"

"Ayi, tiyeni tipangane. Ine ndiziwerenga, inu muzing'amba kuyambira koyambirira, mmene ndadutsa kale. Muzinditsatira pambuyo."

"Ndikakupezani ndikupondani chidendene, Che Paulo," anatero Abiti, n'kuvomera.

Bukulo linkakhala pamwala pakati pa awiriwo. Mawa lake kunabwera ntchito yambiri, nsapato za ukwati wina wa kwa Mponda, ndipo a Paulo sanaligwire mpaka madzulo a tsiku linzake. Atalitola anapeza lapepuka. Masamba oyambirira onse analipo, koma kumbuyo kunali chikuto chokha chikulendewera.

"Abiti, mwang'amba kumapeto."

"Kumapeto kwake kuti? Buku limayambira uku." Abiti analilanda, n'kulitsegula kuchokera mbali inayo, kumene mabuku a Chiarabu amayambira, monga anaphunzirira ali mtsikana ku madrasa, sukulu yokhayo imene anapondako. "Ine ndimadabwa kuti inu mukuwerenga chobwerera m'mbuyo, koma ndinangoti mwina ndi mmene amachitira Apwitikizi."

Anaseka onse mpaka ogulitsa usipa kucheuka. Komabe a Paulo zinawapweteka ndithu, chifukwa mathero a nkhani ya mayi wa chitseko uja anali atakwera basi ndi ogula nsomba, ena ulendo wa ku Liwonde, ena wa ku Blantyre, atanona mchere. Ataganiza bwino anaona kuti kulakwitsako kwawapulumutsa. Iwo tsamba limodzi linkawatengera m'mawa wonse, pamene Abiti tsiku la malonda abwino ankang'amba ngati akusadzula nkhuku. Akanayambira mbali yoyenera, akanawapeza dzuwa lisanafike pamutu. Choncho anangozisiya momwemo. Abiti ankabwera kuchokera koyambirira kwawo, a Paulo kuchokera koyambirira kwawonso, ndipo pamene akumanirana buku latha. Abiti ankangotulutsa lina m'dengu.

Zinayenda choncho zaka zingapo, ndipo zinali zaka zabwino. A Paulo anakhala katswiri wa mizere yoyamba. Ankaiwerenga mobwerezabwereza mpaka kuiloweza, ndipo anafika pokhala ndi maganizo awoawo pa nkhaniyi. Ankati Angerezi ambiri sangayambe nkhani asanakuuze za mvula, ngati kuti wina anawafunsa. Ankanyansidwa ndi olemba oyamba n'kufotokoza mipando ndi makatani a m'nyumba. Wolemba weniweni, iwo ankatero, amakugwira malaya pa mzere woyamba, ndipo ukafuna kuchoka batani limaduka. Ankakonda wina wonena za mbusa wa mpingo amene anagulitsa hatchi ya mnansi wake popita kukalalikira, ndi wina wa mlongo ndi mchimwene amene anagawana nyumba ya bambo awo pojambula mzere pakati pa khitchini.

Mizere imeneyi ankaimasulirira aliyense wodikira nsapato. Munthu ataima ndi mwendo umodzi sathawa, ndiye ankamvetsera. Kenako pankabuka mkangano wa mmene nkhaniyo inathera. Asodzi ankamiza munthu m'madzi nthawi zonse, ngakhale nkhani ikhale ya kumapiri. Abiti Sadik nkhani iliyonse ankaimaliza mkazi atapambana ndipo mwamuna akupepesa atagwira chipewa m'manja. A Paulo ankangomwetulira uku akukoka ulusi, osagamula mlandu, poti nawonso sankadziwa.

Chingerezi chawo chinakula, koma chinakulira m'maso mokha. Analibe wolankhula naye, ndiye mawu ankawatchula monga zilembo zinawauzira, mwa Chipwitikizi.

M'chaka cha 1991 mwayi unabwera kudzera mwa Che Jaffalie, mchimwene wawo wa Abiti, amene anali m'komiti ya mzikiti wina kwa Mponda. Makolo ankafuna kuti ana akaweruka ku madrasa aziphunzirako Chingerezi ndi masamu masana. Abiti atangomva, anawakhalira pakhosi achimwene awo.

"Achimwene, mphunzitsi mukumufuna kutali bwanji, pamene ali pano akununkha guluu?"

"Koma Che Paulo si Mkhristu?"

"Nanga mukufuna akaphunzitse swala, mapemphero athu? Nsapato zanu zopitira ku mzikiti amasoka ndani?"

Che Jaffalie anagonja, monga ankagonjera aliyense. Komiti inati a Paulo abwere adzaphunzitse kamodzi anthu akuona. Poti m'komitimo munalibe wodziwa Chingerezi, anaitana a Blackson, mkulu wina amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki ku boma, kuti adzakhale khutu lawo.

Tsikulo ana anakhala pamikeka pansi pa mtengo wa mango pambali pa mzikiti. Akomiti anakhala pabenchi, a Blackson pampando, chipewa pabondo. A Paulo anachita mantha kuposa tsiku limene anadutsa malire. Analibe buku la aphunzitsi, analibe bolodi, ndiye anapereka chimene anali nacho. Ananena pamtima mzere wa mbusa ndi hatchi uja m'Chingerezi, n'kuumasula liwu ndi liwu m'Chichewa ndi m'Chiyao, ana akubwereza pambuyo pawo. Atafika poti hatchiyo inali ya mnansi, ana anatchera khutu, ngakhale aja anali kutsinana kumbuyo.

Mtsikana wina wa kutsogolo, dzina lake Awa, anakweza dzanja. "Ndiye mwini hatchi anatani?"

"Sindikudziwa, mwanangu," anayankha a Paulo. "Tsamba limenelo linapita ndi mtedza."

Ana anagwa nako kuseka. Che Jaffalie anayang'ana pansi, poti mtedzawo ankaudziwa mwini wake. A Paulo anadikira phokoso lithe, kenako anauza anawo kuti aliyense anene mmene akuganizira kuti zinathera, koma m'mawu akewo alowetsemo liwu limodzi la Chingerezi limene waphunzira lero. Manja anakwera ngati mapesi. Wina anati mbusayo anamangidwa, wina anati hatchi inabwerera yokha n'kukaima pakhomo la tchalitchi. Nthawi ya swala ya masana itakwana, anachita kuwathamangitsa anawo kuti akasambe m'manja.

Ana atachoka, akomiti anatembenukira kwa a Blackson. Mkuluyo anayamba wakonza kukhosi.

"Mabuku amene akuwerenga bambowa ndi enieni. Azungu amene ndinkagwira nawo ntchito ankanyadira kunena pamtima mizere yoyamba ya mabuku akwawo, ndiye njira imeneyi si yachilendo. Koma ndinene zoona. Ine Chingerezi chawochi ndachimva chifukwa amamasulira. Chimene chikutuluka pakamwapa ndi Chipwitikizi chovala jekete. Ana akatengera katchulidwe kameneka, akakafika ku sekondale adzasekedwa."

Zinali zoona, ndipo a Paulo anadziwa kuti n'zoona. Sanadikire kuti akomiti akambirane. Anathokoza aliyense pomugwira chanza, n'kubwerera kumsika atakhumudwa. Abiti ataona nkhope yawo sanafunse kanthu, ndipo kwa munthu ngati Abiti kumeneko kunali kudziletsa kwakukulu. Anangowakankhira mtedza wodzaza pepala.

M'mawa mwake a Paulo anafika pabenchi monga mwa masiku onse, atatsimikiza kuti basi adzafa ali wosoka nsapato, ndipo kuti imeneyonso ndi ntchito. Ali mkati mokhoma chidendene anaona chithunzithunzi cha chipewa pansi. Anali a Blackson, nsapato zawo zili bwinobwino, zopanda pong'ambika.

"Munachoka msanga dzulo, ine ndisanamalize," anatero mkuluyo, akukhala pa benchi la makasitomala. "Ndinawauza akomiti aja kuti ine ndadutsa m'manja mwa aphunzitsi ambiri, koma sindinaonepo ana akukana kuweruka. Pakamwa timakonza. Koma luso lanu lokopa analo sitingaligule kulikonse. Muyamba Lolemba." Anatola buku limene linali pamwala, n'kuliyang'ana kumbuyo kong'ambikako modabwa. "Ine m'mawa ndilibe chochita, ndipo kunyumba atopa nazo nkhani zanga za ku ofesi. Ndizibwera pano. Werengani mokweza, ndimve pamene pakudwala."

A Paulo anaika nsapato pansi n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. Abiti ndi amene anayankha, kuti ngati bambowo azikhala pamenepo tsiku lililonse aziyamba agula mtedza.

Kuyambira pamenepo m'mawa ankasoka nsapato uku a Blackson akuwawongola lilime, masana n'kupita kwa Mponda. Mtendere utabwera ku Mozambiki, malole n'kuyamba kutenga anthu kubwerera kwawo, a Paulo anaperekeza anzawo, anawanyamulira mitolo, koma iwo sanakwere. Anati ali ndi kalasi.

Pa zonsezi, limene ankakonda kulifotokoza ndi Lolemba loyamba lija. Che Jaffalie anabwera ndi thabwa lodetsedwa ndi makala a m'mabatire a tochi, n'kulitsamiritsa pa mtengo wa mango, kenako anatulutsa choko chimodzi m'thumba la mkanjo. A Paulo anachilandira ndi manja awiri. Zala zawo zinali zitazolowera kuboola chikopa ndi kukoka ulusi, ndiye atangochigunditsa pathabwa, choko chinathyoka pakati. A Paulo anawerama, anatola kachidutswa kanagwako n'kukaika m'thumba la malaya, ndipo ndi chotsalacho analemba tsiku ndi mwezi pang'onopang'ono, mosamala. Chimwemwe chinawadzadza mpaka maso kuchita chifunga, ndiye anakhalitsa atayang'ana kuthabwako kuti ana asaone.

"Aphunzitsi," anaitana Awa kumbuyo kwawo, "tikopere?"

"Koperani," anatero a Paulo, asanacheuke.